Dzanja Lamanzere la Bambo Potsika Phiri la Zomba

Bambo anga anayendetsa galimoto imodzi yokha moyo wawo wonse wa ntchito m'boma, ndipo pa maulendo ambiri injini yake inkakhala chizimire. Zomba ndi tauni yomangidwa m'nthiti mwa phiri. Msewu uliwonse wokwera umatsikanso, ndipo bambo ankakhulupirira kuti munthu wotentha petulo potsika sanaleredwe bwino. Galimoto ikangoweramitsa mphuno, dzanja lawo lamanzere linkachotsa giya n'kuzimitsa injini, iwo nkhani ili mkamwa. Tinkatsetsereka mwakachetechete, kumangomva matayala ndi chitseko chakumbuyo chikugwedera.

"Kukwera timalipira," ankatero. "Kutsika Mulungu anatilipirira kale."

Galimotoyo inali yaitali kumbuyo, yoyera pa nthawi ina, ndipo anaigula pa okushoni ya galimoto zotopa za boma ine ndili ku pulayimale. Polowetsa kiyi panafa kalekale. Mmisiri wina anaika pakati pa dashibodi swichi ya magetsi a m'nyumba, yofanana ndendende ndi ya pabalaza pathu. Sitata nayo itafa bambo sanagule ina. Ankangoimika galimoto potsetsereka, mphuno kumunsi, mwala kutsogolo kwa tayala. Mwalawo unali udindo wa mayi. Ankauchotsa, n'kuthamanga nawo pang'ono, n'kulowa galimoto ikuyenda kale, ngakhale atavala yunifolomu ya mvano. Pamenepo bambo ankatsegula swichi, kuponda kilatchi, kulowetsa giya, n'kusiya phazi pa nthawi yake yeniyeni. Injini inkadzidzimuka ngati munthu womuthira madzi ali m'tulo. Luso limeneli sindinaonepo wina wowaposa mu Zomba monse. Vuto linkakhala pamalo athyathyathya, ndipo n'chifukwa chake anthu a ku Chikamveka, kumene timakhala, ankalowa m'nyumba msanga akaona bambo akutuluka ndi jekete, poopa kukankhitsidwa galimoto.

Chinthu chimodzi chokha galimotoyo inkachikana: kukwera pamwamba pa phiri. Tinayesapo kangapo. Inkafika pa kona ina yake pakati pa mitengo ya paini n'kuyamba kuwira ngati ketulo. Pa kona imeneyo m'pamene banja lathu linkadyera Khirisimasi.

Kenako chemwali wanga, wotsiriza kubadwa, anapeza mwamuna wa ku Blantyre. Ukwati wa ku Zomba uli ndi dongosolo lake. Mukatuluka m'tchalitchi simupita ku holo kaye. Mdipiti wonse umakwera phiri kukajambulitsa ku damu, anthu ovina perekaniperekani akudikira kumunsi. Komiti ya ukwati inakumana pakhonde pathu Lamlungu lina masana, ndipo mnyamata woona za mayendedwe anaimirira n'kunena kuti akwati adzakwera galimoto yobwereka kwa abwana ake a mkwati.

"Ya madala nayo siikhala chabe," anawonjezera mwaulemu. "Itithandiza kututa nkhuni ndi mapoto."

Bambo anaika kapu ya tiyi pansi. Anayang'ana ankhoswe akuchimuna, amalume ake a mkwati, munthu wamtali wolankhula motsitsa, mkulu wa mpingo kwawo.

"Asewere," bambo anatero, "mwana ameneyu ndinakamutenga ku chipatala pa galimoto iyi ali m'nsalu. Ku sekondale inamuperekeza ndi iyi. Ndikamupereka kwa inu pa galimoto yomweyi."

"Zomveka ndithu, asewere," ankhoswe anayankha. "Koma nanga phiri?"

"Ikwera."

Aliyense wa ku Zomba amene analipo ankaidziwa kona ya Khirisimasi. Ankhoswe, posafuna kuchititsa manyazi mwini nyumba, anapereka maganizo akuti ukwati usanafike iwo eni adzakwere galimotoyo mpaka ku damu. Ikafika, mkwatibwi adzakwera. Ankaganiza kuti nkhani yathera pomwepo.

M'mawa mwake bambo anatsetsereka kupita ku Chinamwali, ine ndili pambali. Galaja yake inali pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa mashopu, ndipo mwini wake anali makaniko wonenepa, wamawu aakulu, amene anagwirako ntchito ku Joni ndipo sankalola kuti munthu aiwale zimenezo. Anazungulira galimoto yathu, n'kuimenya pa boneti.

"Madala, iyi thupi lake ndi chitsulo chenicheni. Mtima ndi umene wakalamba. Ku Joni zoterezi timangosintha mtima."

Anavundukula lona pakona ya mpanda. Pansi pake panali injini yochokera m'galimoto ya ku Japan imene inagubuduzika pamsewu wa ku Blantyre, thupi n'kutheratu koma injini osakhudzidwa. M'mbali mwake munali kachipangizo kooneka ngati nkhono yaikulu. Imeneyo ndiyo tebo. Utsi wotuluka mu injini umazunguza kafani mkati mwake, kafaniko n'kumakankhira mpweya wochuluka mu injini momwemo, ndipo injini yaing'ono imakoka ngati yaikulu. Bambo anamvetsera, n'kufunsa funso limodzi lokha, ngati chinthucho chimamwa petulo wambiri.

"Chimamwa mukachiputa, madala. Ngati munthu."

Bambo ankafuna injini yokha. Za mabuleki anabweretsa ndi mayi madzulo ake. Mabuleki akale ankafuna kupopa phazi kangapo asanavomere, ndipo bambo ankayamba kupopa akadali kutali, mwina pongoganizira kuti kutsogolo kungakhale mbuzi.

"Abambo, chokwera chimatsika," mayi anatero. "Mukaika mphamvu zokwerera, muikenso zoimira. Apo ayi mwana wanga akwera ya ku Blantyre."

Choncho makaniko anachotsanso mabuleki a galimoto yakugwa ija. Kutsogolo anaika a mbale zachitsulo zimene zimapanidwa uku ndi uku, ndipo kuseri kwa chopondera anaika chimphika chakuda chimene amachitcha busita. Ntchito yake ndi kuthandiza phazi. Chimagwiritsa ntchito mphamvu yoyamwa mpweya ya injini, kotero kuti ukaponda pang'ono galimoto imamva ngati waponda ndi thupi lonse. Injini ikazima, chimphikacho chimatsala ndi mphamvu yoti n'kupondera kawiri kapena katatu basi. Makaniko ananena zimenezi, ine ndinalipo. Anazinena pakati pa nkhani ya mzungu wina wa ku Joni amene ankamukonda kwambiri ndi nkhani ya mtengo wa nyama ya mbuzi, koma ananena.

"Ikamayenda musamaizimitse, madala."

"Ndamva," bambo anayankha.

Ntchitoyo inatenga masabata. Injini yatsopano sinkakwana pamalo a yakale, ndiye panali kudula, kuwotcherera, kudulanso. Boneti inakana kutseka mpaka anaiboola pakati n'kuikapo kachitunda kachitsulo, galimoto n'kumaoneka ngati yalumidwa ndi njuchi pamphuno. Bambo ankapita tsiku lililonse pa kabaza, atavala jekete, kukakhala pa tayala lakutha n'kumayang'anira. Akabaza a pa siteji yapafupi anasandutsa galajayo bwalo lawo. Wina anati nkhalamba ikapatsidwa mtima wa mnyamata imayamba kusowa panyumba. Makaniko anakonzanso sitata, koma atagwira swichi ija kuti aichotse, bambo anamuletsa.

"Imeneyo sinalakwe kanthu. Isiyeni."

Chemwali anandipeza ku ntchito nthawi ya nkhomaliro. "Achimwene, alankhuleni bambo. Ine sindikufuna kukankha galimoto nditavala velo."

Ndinamuuza kuti tsopano ili ndi sitata. Anati zimenezo adzakhulupirira akadzaona mayi atasiya mwala.

Tsiku loyesa linali Loweruka lina m'mawa, sabata imodzi ukwati usanachitike, mitengo ya jakaranda itachita maluwa m'tauni monse. Ankhoswe anafika pa minibasi atavala suti yakuda ndi shati yoyera. Bambo anakhala pa chiwongolero, mayi pambali pawo, ine ndi ankhoswe kumbuyo. Mwala unali pamapazi a mayi. Bambo anatsegula swichi, n'kudina batani la sitata, galimoto n'kulira ili pabwalo lathyathyathya. Aneba amene anali atathawira kale m'nyumba anatuluka kudzaona.

Tinadutsa maofesi akale a boma n'kuyamba chitunda. Bambo ataponda mafuta, pansi pa boneti panamveka kaluzu kopyapyala, ndipo msana wanga unakanikizika kumpando. M'galimoto imeneyo zimenezi zinali zisanachitikepo. Tinapitirira lole ya matabwa. Tinapitirira galimoto yaikulu ya alendo odzaona malo, azungu ali m'katimo n'kutembenuka kutiyang'ana. Titafika pa kona ya Khirisimasi bambo analiza hutala kawiri, ngati munthu wopatsa moni mnzake amene anasiyana naye mpingo. Mayi anayang'ana kamuvi koonetsa kutentha kwa injini, n'kupeza kali pakati.

Ku damu kunali mphepo yozizira. Ankhoswe anatsika, n'kuzungulira galimoto, n'kugwira kachitunda ka pa boneti. Kenako anagula masitiroberi odzaza kabasiketi kwa ogulitsa a m'mbali mwa msewu, oti akapatse akazi awo ku Blantyre.

"Asewere, ndagonja," anatero. "Mwana akwera muno. Ya abwana ija inyamule operekeza."

Bambo anatulutsa mpango n'kupukuta galasi lakutsogolo limene linali loyera kale.

Nkhani ikanathera pamenepo, koma phiri la Zomba silikhala ndi njira yobwerera yathyathyathya. Tinanyamuka bambo akufotokoza za maliboni, kuti oyera adzayambire pa kachitunda kaja kupita m'magalasi am'mbali. Galimoto inaweramitsa mphuno. Dzanja lamanzere linachoka pa chiwongolero, linachotsa giya, linadina swichi, n'kubwerera pamalo pake. Bambo anapitiriza za maliboni. Ine ndi mayi sitinazindikire kanthu, chifukwa kwa ife bata limenelo ndilo linali phokoso la kutsika phiri.

"Injini yake ndi yofatsa bwanji," ankhoswe anayamikira, kabasiketi kali pamiyendo. "Ngati kuti palibe."

Pa kona yoyamba mabuleki anagwira bwino. Pa yachiwiri anagwiranso. Pa yachitatu ndinaona mwendo wa bambo ukuwongoka, msana wawo ukukwera pampando, mutu ukukagunda denga. Chopondera chinali chitauma ngati mwala wa mayi uja. Galimoto inakhota konayo matayala akulira, n'kulowa pamalo owongoka otsetsereka kwambiri. Mbali ina kunali thanthwe. Mbali inayo kunali phompho, ndipo pansi pake tauni yonse inkaoneka bwinobwino, msika, mabwalo a mpira, madenga a Chinamwali.

Kutsogolo kwathu kunali anthu a nkhuni. Amene anakwerapo phirili amawadziwa: amamanga nkhuni za paini pa njinga mpaka kupitirira mutu wawo, n'kumatsika nazo pang'onopang'ono, phazi limodzi likukhuza tayala. Anali angapo, ondondozana, atadzaza mbali yathu ya msewu. Bambo anamenya hutala. Hutala sinalire, chifukwa nayo imadya pa swichi yomweyo.

"Abambo, mwazimitsa," mayi anatero, mawu awo ali ngati akunena kuti tiyi wazizira.

"Ndikudziwa, amayi."

Mayi anatambasula dzanja n'kutsegula swichi. Batani la sitata linali pomwepo, latsopano, lofiira, koma bambo sanalikumbukire n'komwe. Anachita chimene thupi lawo linkadziwa. Phazi lamanzere pa kilatchi, giya yachitatu, chifukwa yachiwiri pa liwiro limenelo ikanaswa zitsulo, kenako n'kusiya. Injini inadzuka ndi mkokomo umene unabwerera kuchokera ku thanthwe. Ndipo pamene inadzuka, chimphika chija chinapezanso mphamvu zake, phazi lamanja la bambo likadali pa buleki ndi kulemera kwa munthu yense.

Makaniko sananame. Mabuleki amenewo amagwira.

Ine ndinakapsompsona mpando wakutsogolo. Mwala unagubuduka n'kukagunda pansi pa dashibodi. Fumbi ndi fungo la matayala zitachepa, tinapeza galimoto yaima, bampala itatsala pang'ono kukhudza tayala la njinga yotsiriza. Mwini njingayo anasuzumira kuseri kwa mtolo wake, n'kuyang'ana mizere yakuda pamsewu.

"Madala, mabuleki anu ndi abwino," anatero. "Anga ndi patapata."

Ndinatembenukira kwa ankhoswe. Shati yawo inali yofiira kuyambira pakhosi mpaka palamba. Mayi anayamba kutchula dzina la Yesu. Ankhoswe anadzigwira pachifuwa, n'kununkhiza zala zawo, n'kuchotsa kasitiroberi kophwanyika m'thumba la shati.

Bambo anakonza kukhosi. "Ndimafuna muonenso mabuleki ake, asewere."

"Ndawaona, asewere. Zikomo kwambiri."

Anatsegula chitseko, n'kunena kuti miyendo yachita dzanzi, akufuna aiwongole pang'ono. Anaiwongola mpaka m'tauni. Ankayenda kumbuyo kwa njinga za nkhuni, jekete atalimanga mabatani onse, ife tikuwatsatira pa giya yoyamba, bambo akulankhula nawo pawindo za ubwino wa mphepo ya kuphiri. Injini inali ikulira njira yonse. Dzanja la mayi linali litaphimba swichi.

Komiti inakumananso mawa lake titaweruka ku tchalitchi. Ankhoswe anali atagona kwathu, ndipo anakhala pamsonkhanowo atavala shati ya bambo imene manja ake ankathera m'zigongono. Anapereka lipoti lawo mwachilungamo. Anati galimoto inakwera phiri ngati mbawala, ndipo mabuleki ake iwo angawachitire umboni pena paliponse.

"Galimoto ilibe mlandu," anamaliza. "Nkhawa yathu akuchimuna ili pa dzanja."

Maganizo anabwera ambiri. Wina anati swichi ichotsedwe, koma makaniko anali atapita ku maliro kwawo ku Machinga, ndipo mawaya amene analumikiza ankawadziwa yekha. Mnyamata wa mayendedwe uja anati payendetse munthu wina, bambo n'kumufunsa ngati akudziwa pamene pali giya yobwerera m'mbuyo, poti pa galimoto imeneyo inasamuka. Ine ndinati timate swichiyo ndi tepi. Mayi anati dzanja limene lakhala likuzimitsa injini kuyambira ine ndili ku pulayimale silingaope tepi. Bambo analonjeza kuti sadzazimitsa. Koma ngakhale iwo eni sanabwereze lonjezolo.

Zinkaoneka kuti tibwerera ku mapoto ndi nkhuni. Bambo anali atayang'ana pansi, akutembenuza chipewa m'manja. Apo m'pamene chemwali, amene mwamwambo sankayenera n'komwe kulankhula pa msonkhano wa ukwati wake, anatulukira pakhomo ndi thireyi ya makapu.

"Ine ndikwera ya bambo," anatero. "Koma mayi akhale kutsogolo, agwire dzanjalo kuchokera ku damu mpaka ku holo."

Ankhoswe anati pepani mwanathu, koma mayi wa mkwatibwi sakwera galimoto ya akwati, pampando umenewo pamakhala woperekeza mkwati.

"Woperekezayo bambo angamumvere?" chemwali anafunsa.

Ankhoswe anavomera. Mkwati, amene nkhaniyi inkakhudzanso moyo wake, sanafunsidwe maganizo.

Pa tsiku la ukwati galimoto inatsukidwa mpaka utoto wina unachoka. Maliboni anayambira pa kachitunda paja monga bambo ananenera. Mdipiti wa ukwati suthamanga. Umayenda mokhotakhota, magetsi akuphethira, mahutala akulira, atsikana atatulutsa mitu m'mawindo akuimba. Choncho tebo ija, imene inadya masabata onse aja ku Chinamwali, sinaimbe kaluzu ngakhale kamodzi. Koma tinadutsa kona ya Khirisimasi galimoto ya bambo ili patsogolo, ya abwana a ku Blantyre ili pambuyo pake. Ankhoswe anasankha kukwera lole ya mapoto, imene sinkakwera phiri n'komwe.

Zithunzi zitatha ku damu, bambo analowetsa giya yachiwiri galimoto isanaweramitse mphuno. Mayi anatenga dzanja lawo lamanzere n'kuligwira ndi manja awo onse awiri, n'kuliika pachifuwa. Anatsika choncho phiri lonse. Wojambula zithunzi, amene anali pa njinga yamoto patsogolo, anatembenuka n'kuwajambula kudzera pagalasi: bambo atayang'ana msewu nkhope ili gwa, mayi atakumbatira dzanja lawo, kumbuyo mkwatibwi akuseka, mkwati atatseka maso ngati akupemphera.

Pakhomo pa holo bambo anatsika, n'kuzungulira, n'kutsegula okha chitseko chakumbuyo chogwedera chija. Anatulutsa mwana wawo m'galimoto mwawo, anthu akululutira. Mayi anaika mwala kutsogolo kwa tayala, ngakhale pamalopo panali pathyathyathya.

Nkhani ya dzanja inafika mu holo ife tisanakhale pansi. Woyendetsa mwambo anaimitsa nyimbo n'kuuza akwati kuti asavutike kufuna malangizo kutali, angoyang'ana makolo a mkwatibwi, anthu okalambirana amene mpaka lero amagwirana manja m'galimoto dzuwa likuswa mtengo. Amayi a mvano anaimirira n'kuvina. Bambo ndi mayi, amene sindinawaonepo akuyenda moyandikana ngakhale popita ku tchalitchi, anakhala chowerama ngati ana ogwidwa akuba shuga.

Madzulo tikutsitsa mphatso ndinafunsa mayi ngati dzanjalo linavuta.

"Linkaphiriphitha ngati nkhuku yopita nayo ku msika," anatero. "Potsetsereka paliponse."

Bambo anali kunja, akuunika ndi foni kamuvi ka petulo, akupukusa mutu.

Makaniko anabwerako ku maliro, koma swichi ilipobe, ndipo bambo akatsika chitunda chilichonse mu Zomba mayi amakhala pambali pawo atagwira dzanja. Chithunzi chija chili pabalaza, pamwamba pa swichi ya magetsi. Alendo akachiyamikira bambo amangoti zikomo. Mayi amadikira kuti bambo atuluke kaye, kenako n'kufotokoza za chimphika chakuda.